Agula gitala, ndalama idali ya malata

Zikomo Gogo Namwino,

Ndine mayi wa zaka 42 ndipo ndimakhala ku Iponga m'boma la Karonga. Ndakhala m'banja zaka 21, tili ndi ana anayi. Timalima mpunga ndi chinangwa. Amuna anga ali ndi zaka 52. Ali mnyamata ankaimba gitala ya besi, poyamba kutchalitchi, kenaka m'bandi ina yomwe inkazungulira m'mabala ku Mzuzu. Pondifunsira, malemu bambo anga adawauza kuti asankhepo chimodzi, gitala kapena ine. Adasankha ine ndipo gitalayo adagulitsa.

Chaka chino titakolola tidagwirizana kuti tigulitse matumba 6 a mpunga tigule malata, poti nyumba yathu yatsopano makoma adatha, kwatsala denga. Adapita ku Kyela, koma adabwerako ndi malata osakwana, kumsana atabereka gitala ya besi yakale ndi kaampu kake. Ati adaipeza motchipa, mtima sudapirire.

Pano madzulo alionse ali kutchalitchi kuimba ndi anyamata, ati ayambe kumaimba m'maukwati. Mwana wathu wa zaka 15, yemwe ali Fomu 2, nayenso wayamba kuwalondola. Chondikwiyitsa kwambiri n'choti akuoneka osangalala ngati sadalakwe. Chimwalirireni mng'ono wawo zaka zitatu zapitazo, ndiponso chiwauzireni kuchipatala kuti ali ndi BP, ankangokhala duu pakhonde, kudya pang'ono, usiku osagona. Lero akuimba likhweru, mpaka kumandiseleula.

Ine ndidatenga gitalayo n'kukaibisa kwa mkulu wanga ndipo kuchipinda ndikuwafulatira. Papita sabata ziwiri tisakulankhulana. Anzanga akuti ndiigulitse mwakachetechete ndigule malata otsalawo. Ndikuopa mvula, ndikuopa mowa ndi akazi a m'mabandi, komanso manyazi, munthu wa imvi kumanjanja ndi ana. Nditani?

Mayi wokhumudwa,
Iponga, Karonga.

Zikomo mayi,

Ndathokoza chifukwa cha kalata yanu yomveka bwino. Tiyambe ndi pomwe mwakhoza. Pa nkhani ya ndalama bambowa adalakwa, ndipo ndikunena mosapsatira. Mpungawo mudaokera limodzi m'matope, mudapirikitsa mbalame limodzi, ndipo mudapangana chochita ndi ndalama yake. Kusintha pangano ali okha pamsika ndi kukuderani pansi. Aliyense wa ku Karonga akudziwa mmene mvula imavutira kumeneko, makamaka cha m'Malichi ndi Epulo mitsinje ikamasefukira. Denga si nkhani yamasewera. Ayenera kupepesa, ndipo ayenera kunena tsiku lomwe malata otsalawo afike pakhomo.

Koma nanunso mwayamba kulakwa. Kubisa katundu wa mnzanu ndi kumufulatira kuchipinda sikudagulepo lata ngakhale limodzi. Anzanu omwe akuti muigulitse mwakachetechetewo sadzakhalapo tsiku lomwe bambo adzadziwe. Mukatero mudzakhala mwachita chomwecho chimene chakupwetekani inuyo, kutenga chinthu cha awiri n'kuchigamula nokha. Pamenepo m'nyumba mudzakhala olakwa awiri, wopepesa n'kusowa.

Tsono tawerenganinso kalata yanu pomwe mwati bambo ankangokhala duu, osadya, osagona. Inu mwalemba zimenezi mongodutsa, koma ine monga namwino ndaima pomwepo. Zaka zomwe ndidagwira ntchito m'zipatala ndidaona abambo ambiri a msinkhu umenewu akubwera ndi mutu, msana, kufooka, tikawayeza malungo osapezeka. Ukacheza nawo bwino umapeza kuti chawadwalitsa ndi maliro omwe sadalire, ngongole, kapena mantha a matenda omwe awauza kuti ndi a moyo wonse. Amenewa ndi matenda a nkhawa, ndi matenda enieni, ndipo abambo athu amawabisa chifukwa adakula akuuzidwa kuti mwamuna salira. Ena amathawira ku kachasu, ena amafika podzichotsera moyo banja lonse osadziwa kuti zidayamba liti.

Amuna anu athawira ku nsambo zinayi. Sindikuti gitala ndi mankhwala olowa m'malo mwa chipatala, ayi. Koma munthu yemwe adasiya kudya akayamba kudya, yemwe adasiya kuseka akayamba kuseleula mkazi wake, ife achipatala timati zikuyenda. Ngakhale bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO, mu lipoti lake la mu 2019, lidasonkhanitsa umboni wochuluka woti nyimbo ndi maluso ena amathandiza thanzi la munthu, makamaka la m'maganizo. Kuimba ndi anzake kumamutulutsa munthu pakhonde, kumamupatsa tsiku loliyembekezera. Madzi saiwala khwawa, mayi. Bambowa adasiya chinthu chomwe ankachikonda kuti akwatire inu, ndipo asunga pangano limenelo zaka 21. Zimenezonso muziwerengere.

Za manyazi zo zisiyeni. Ndani adalamula kuti imvi zikamera manja aleke kuimba? Giddes Chalamanda wa ku Chiradzulu adabadwa mu 1930. Adakaimba ku America mu 2016 ali ndi zaka 86, ndipo mu 2020 adajambula nyimbo zake pamodzi ndi Patience Namadingo, Linny Hoo n'kufalikira dziko lonse kudzera pa TikTok. Palibe adati gogoyu akuchititsa manyazi. Kwanu komweko ku Karonga kudatuluka Lusubilo Band, yochokera kusukulu ya nyimbo yomwe adayambitsa mayi wa ku Korea, Agnes Kim, ndipo idaonetsa kuti mwana akhoza kuphunzira nyimbo mwadongosolo ngati phunziro lina lililonse.

Kwa bambowo ndili ndi chitsanzo china choti amve. Yobu Maligwa wa Madalitso Band amaimba babatoni, besi ya nsambo imodzi yopanga pamanja. Ankaimba m'misewu ya ku Lilongwe, mu 2017 adakaimba ku Sauti za Busara ku Zanzibar, kenaka mpaka ku Ulaya. Gasper Nali wa ku Nkhata Bay naye adatchuka ndi babatoni ya mtengo, chikopa cha ng'ombe ndi waya, kuimba kwake ndi kamtengo ndi botolo. Anthu amenewa sadagwetse denga la nyumba kuti apeze choimbira. Luso silidikira ndalama ya malata.

Nkhawa yanu ya mowa ndi akazi ndi yomveka, poti mukudziwa komwe ankaimba kale. Koma gitala simwa mowa ndipo sifunsira mkazi. Amachita zimenezo ndi munthu, ndipo wofuna chibwenzi amachipeza ngakhale kumunda kapena kumaliro. Chofunika n'kuika malire poyera, osati kulondalonda. Ngati mtima sukukhazikika, pitani limodzi mukayezetse magazi, mudziwe mmene mulili nonse awiri. Banja lililonse liyenera kutero, kaya muli gitala kaya mulibe.

Ndiye chitani izi. Katengeni gitalayo kwa mkulu wanu lero lomwe, muibweze ndi manja anu. Sankhani nthawi yomwe ana agona, muwauze mawu atatu: kuti mudapwetekedwa chifukwa sadakufunseni, kuti mukuopa mvula, komanso kuti mwaona kuti ayambanso kusangalala ndipo zimenezo mukuzifuna. Mawu achitatuwo musawadumphe, ndi amene atsegule makutu awo. Kenaka mugwirizane, ngati n'kotheka molemba papepala. Ndalama yoyamba ya kuukwati kulikonse komwe aimbe ipite ku malata mpaka denga litatha. Ngati maukwati achedwa, anene okha chomwe agulitse pa zinthu zawo kapena ganyu yomwe agwire. Kuphunzira nyimbo kukhale masiku awiri kapena atatu pasabata, osati madzulo alionse, ndipo nthawi yofesa ndi yookera mpunga munda uziyamba. Kuimba kukhale kutchalitchi ndi m'maukwati, m'mabala ayi. Tsiku lina pitani mukawaonere akuimba. Mkazi wodziwika kubandi amatseka pakamwa anthu ambiri. Zikakanika awiriwiri, itanani ankhoswe, athenga monga mumanenera kumpotoko, koma muwaitanire nkhani ya pangano losweka, osati kuti adzaweruze gitala.

Tsopano ndilankhule ndi inu bambo, poti ndikudziwa kuti tsambali likupezani. Thupi la zaka 52 si la zaka 25. Gitala ya besi imalemera makilogalamu 4 kapena kuposerapo, khosi lake ndi lalitali ndipo nsambo zake ndi zonenepa kuposa za gitala wamba. Pezani lamba wotambalala kuti phewa lisapweteke, ndipo pophunzira muzikhala pampando msana uli chilili. Yambani ndi mphindi 15 kapena 20 patsiku, muziwonjezera pang'onopang'ono. Zala zikatuluka matuza musaboole ndi singano kapena minga, zipumitseni, khungu lidzalimba lokha. Ngati muli ndi shuga, chilonda chilichonse cha pachala mukaonetse kuchipatala msanga. Dzanja lisapindike kwambiri pamfundo pogwira nsambo. Mukamadzuka usiku chala chachikulu, chamkombaphala ndi chapakati zitachita dzanzi, ndiye kuti mtsempha ukupanikizika pamfundopo, chepetsani kuimba ndipo mukaonane ndi achipatala.

Dzanzi lina ndi loopsa, ndipo ili mayi mumvetsetse nanunso. Mkono kapena mwendo wa mbali imodzi ukafooka mwadzidzidzi, pakamwa pakapotoka, mawu akayamba kutuluka mokoka, musati yawatopetsa ndi gitala ndipo musayambe ndi kwa asing'anga. Zimenezo ndi zizindikiro za sitiroko, thamangani nawo kuchipatala nthawi yomweyo. BP ndi yofala kuno kwathu. Kafukufuku wa STEPS wa mu 2009 adapeza kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu alionse a zaka 25 mpaka 64 m'Malawi adali ndi BP yokwera, ambiri osadziwa n'komwe. Choncho bambo, kusangalala kusakunamizeni kuti mwachira. Mankhwala muzimwa tsiku lililonse, mchere muchepetse, ndipo muzikayezetsa pachipatala cha Iponga pa masiku omwe adakuuzani. Mukachezera kuukwati, mapiritsi akhale m'thumba. Kusowa tulo ndi kusafuna kudya zikabwereranso, mukawauze achipatala momwemo osabisa.

Samalaninso makutu. Woimba besi amaima pafupi ndi ng'oma ndi masipika, ndipo timaselo ta mkati mwa khutu tikafa ndi phokoso sitimeranso. A WHO amati munthu wamkulu asapyole maola 40 pasabata akumva phokoso la madesibelo 80, ndipo phokoso likakwera nthawiyo imachepa kwambiri. Poti mulibe choyezera, gwiritsani ntchito nzeru iyi: ngati mukuchita kukuwa kuti munthu amene mungamukhudze ndi dzanja akumveni, phokosolo lanyanya. Makutu akamalira mukaweruka, limenelo ndi chenjezo. Musaime kutsogolo kwa sipika, muzipumira panja, ndipo gulani zotsekera m'makutu zenizeni chifukwa thonje siliteteza mokwanira. Kunyumba besi imaphunzirika osailumikiza n'komwe ku ampu, anthu n'kumagona mwamtendere.

Ampu yakaleyo ikaonedwe ndi wodziwa zamagetsi musanaidalire. Nsambo ndi zachitsulo, waya akalakwika mkati magetsi amatha kufika m'manja. Musaimbe opanda nsapato pasimenti yonyowa, makamaka pogwiritsa ntchito jenereta. Mukamva kakugwedeza pokhudza nsambo kapena maikolofoni, zimitsani pompo. Ndipo poti ndalama yalowa kale, chisamaleni chipangizocho. Thukuta la ku Karonga limachititsa dzimbiri, choncho muzipukuta nsambo ndi kansalu kouma mukatha kuimba, ndipo musaisiye padzuwa kuopa kuti khosi lingapindike.

Za mwanayo musade nazo nkhawa kwambiri, mayi. Mnyamata wa zaka 15 yemwe madzulo ali pambali pa bambo ake kutchalitchi mukudziwa komwe ali. Makolo ambiri okhala kufupi ndi chipata cha Songwe akulira ndi ana omwe adasiya sukulu n'kumakathamangira katundu wa paboda. Ikani lamulo losavuta: ntchito ya kusukulu iyambe yatha, gitala Loweruka ndi Lamulungu, ndipo zotsatira za mayeso zikatsika gitala iyambe yapuma. Lamuloli alinene ndi bambo ake, inu muli pomwepo.

Kwa inu achinyamata amene mwangolowa m'banja, phunziranipo. Mufunseni mnzanu chomwe adasiya kuti akhale nanu, kaya ndi mpira, kwaya, kusoka kapena sukulu. Chinthu chotere sichifa, chimangogona, ndipo chikadzuka pa zaka 50 chimadzuka ndi njala. Mukagulitsa mbewu kapena mukalandira malipiro, patulani kangachepe koti aliyense achitire chomwe mtima wake ukufuna popanda kufunsidwa mafunso. Ndalama ya denga, ya feteleza ndi ya ana isakhudzidwe popanda mawu a awiri. Mutu umodzi susenza denga, ndipo pa nkhani ya ku Iponga ino mwambiwu wagwera pake penipeni.

Mayi, bwezani gitalayo, funani malata anu mwaulemu koma mosabwerera m'mbuyo, ndipo kuchipinda tembenukani. Mudzandilembere denga likatha.

Gogo Namwino