Fakitale ya mbatata ku Mzimba iyambire kwa ophika mandasi

Mbatata ikachuluka pa msika wa Jenda m'miyezi yokolola, mlimi wa ku Champhira kapena ku Embangweni amangogulitsa motaya kuopa kuti imuwolera. Nthawi yomweyo wophika mandasi pa boma la Mzimba akudandaula ndi ufa wa tirigu, umene dziko lino limadalira kuitanitsa kunja ndipo unakwera mtengo ndalama ya kwacha itachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Anthu awiriwa akusowana. Mbatata yofiira mkati, monga Zondeni, Chipika, Kaphulira ndi Kadyaubwerere, ikaphikidwa n'kukanyidwa kukhala phala imalowa m'malo mwa gawo lina la tirigu mu buledi, masikono ndi mandasi, ndipo imawonjezeramo vitamini A amene ana amafunikira kwambiri. Ku Blantyre, kampani ya Universal Industries inayamba kale kupanga mabisiketi ndi mbatata yotereyi mogwirizana ndi bungwe la International Potato Center.

Okayikira za fakitale ya mbatata ku Mzimba ali ndi mfundo zomveka. Fakitale imafuna mbatata chaka chonse, pomwe ku Mzimba mvula imagwa nyengo imodzi yokha, ndipo mbatata ikakumbidwa sichedwa kufumbwa. Phala limasasa msanga popanda firiji, chonsecho magetsi amazimazima. Ufa wa makaka umasungika, inde, koma kuyanika padzuwa kumawononga mbali ya vitamini uja. Ena amanenanso kuti anthu amakonda mbatata yoyera, yaufa bwino, osati yofiira yofewa.

Koma zifukwa zimenezi zikutsutsa fakitale yaikulu, osati ntchito yaing'ono. Kopaletivi yopanga phala m'mawa n'kuliperekera kwa ophika apafupi tsiku lomwelo sifuna firiji yaikulu. Mbatata ya m'madimba a m'mbali mwa mtsinje wa South Rukuru ingatseke mpata wa m'chilimwe, bola alimi azibzala mosiyanitsa masabata ndipo mbewu yopanda matenda izipezeka pafupi, ntchito imene malo ofufuzira zaulimi a Mbawa angathandizepo. Za kukoma nazo sizivuta, pakuti wogula mandasi safunsa mtundu wa mbatata. Mpamba nawo ulipo: ndalama za ku Joni zimene zikumanga nyumba ndi kugula magalimoto m'boma lino zingagulenso makina okanyira.

Khonsolo ya M'mbelwa iyambe ndi kulumikiza magulu a alimi ndi ophika buledi, ndi kuwathandiza kupeza chiphaso cha Malawi Bureau of Standards. Zomanga chinyumba cha fakitale zidikire kaye.