ZA UMOYO WATHU: Kodi Mpweya Wogonetsa Umathera Kuti?

Wodwala akatuluka bwino m'cipinda ca opaleshoni, abale ake amathokoza dotolo amene anagwira mpeni. Ndi ocepa amakumbukira uja anakhala kumutu kwa wodwalayo namgoneka tulo, ndipo palibe amafunsa za mpweya umene iye ndi anamwino anapuma tsiku lonse. Sabata ino tikambe za iwowa, pakuti ndi anansi athu. Ena amacokera ku Kabwata kukagwira nchito ku UTH, ena ku Chelstone kupita ku cipatala ca Levy Mwanawasa cimene cinatsegulidwa mu 2011, enanso ali ku Maina Soko ku Woodlands.

Mankhwala ogonetsa monga halothane, isoflurane ndi sevoflurane ndi amadzi, koma makina amawasandutsa nthunzi imene wodwala amapuma. Thupi siliwatha mankhwalawa. Halothane limamphwanya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 5, isoflurane silifika naye ngakhale limodzi mwa 100. Otsalawo amabwerera kunja ndi mpweya wa wodwala. Ena amathawira m'mbali mwa cophimba kumaso, makamaka pogoneka mwana amene akulira ndi kuphiriphitha, enanso potsanulira mankhwala m'makina. Wodwala amawapuma tsiku limodzi, koma wanchito amawapuma pang'onopang'ono zaka zambiri.

Mu 1967 Vaisman wa ku Soviet Union anafunsa madotolo ogonetsa oposa 300. Ambiri anadandaula za mutu, kutopa ndi kupsa mtima msanga, ndipo mwa mimba 31 za akazi a pakati pao, 18 zinapita padera. Akatswiri anatsutsana za kafunsidwe kake, komabe nkhani inali itamveka. Mu 1977 bungwe la NIOSH ku America linalangiza kuti halothane ndi anzake asapitirire magawo 2 pa miliyoni mu mpweya wa m'cipinda, ndi nitrous oxide asapitirire magawo 25. Mu 1992 kufufuza kwa Rowland ndi anzake kunaonetsa kuti akazi othandiza madotolo a mano, amene ankapuma nitrous oxide maola 5 kapena kuposa pa sabata popanda comuturutsira panja, ankavutika kutenga pakati. Kwa anzao amene zipinda zao zinali ndi zoturutsira, vutoli silinaoneke.

Mphuno si mlonda wodalirika pa nkhani iyi. Munthu akamva fungo la halothane ndiye kuti muyeso uja waupitirira kale kutali.

Njira yosavuta koposa ndi paipi yotakata yocokera pa makina, yoboola cipupa ndi kukathera panja, kutali ndi mazenera ndi pamene anthu amadikirira. Siifuna magetsi. Imangofuna kuti isapindike, isapondedwe, ndipo kukamwa kwake kukhale kasefa kuti mavu asamangemo nyumba, pakuti paipi ikatsekeka mpweya umabwerera kukapanikiza mapapo a wodwala. Njira ina ndi ya makina okoka mpweya. Imagwira bwino, koma amene anakhala mu Lusaka mu 2024, pamene madzi anacepa ku Kariba ndipo magetsi ankazima maola ambiri pa tsiku, adziwa kuti makina otere ayenera kulumikizidwa ku jenereta. Palinso zitini za makala okonzedwa mwapadera (osati aja a pa mbaula, conde!) zimene zimamwa halothane ndi isoflurane koma nitrous oxide zimamlola kudutsa. Citini cikadzala siciuza munthu, n'cifukwa cake amaciyeza pa sikelo.

Pali cinthu cimodzi cimene ife tiona kuti cimanyenga ambiri. Makina ozizira a pa cipupa, onga aja a m'nyumba za ku Kabulonga, amangozunguliza mpweya womwewo. Cipinda cimazizira, anthu nakondwa, koma nthunzi ija sinapite kulikonse. Cipinda ca opaleshoni cifunika kuti mpweya wake uzisinthidwa ndi watsopano kosacepera ka 15 pa ola. Tisaiwalenso cipinda cotsitsimukira, m'mene namwino amawerama pankhope pa wodwala amene akali kuturutsa mankhwala.

Kubaya jekeseni ya pamsana kwa amai obereka mwa opaleshoni kumacepetsa nthunziyi, cifukwa mai sagonekedwa ndi mpweya. Koma ana ang'ono ndi odwala ena sangacitire mwina.

Lamulo la 2010 loteteza umoyo wa anthu pa nchito linaika udindo umenewu pa wolemba nchito, ndipo cipatala naco ndi malo a nchito. Motero tipempha akulu oyang'anira zipatala, za Boma ndi za eni ake zomwe, kuti pogula makina ogonetsera azifunsanso za paipi yake, ndi kuti namwino wa pakati akapempha kusinthidwa cipinda kwa miyezi ingapo, amvedwe popanda kumnena kuti ndi waulesi.