Tisathamangire ku Chipata cifukwa ca cingwe

Kuno ku Chadiza, laputopu ikakana kuonetsa pa projekita kapena pa TV, ambirife timati yafa, n'kuyamba kusaka ndalama zokwerera galimoto kupita kwa okonza ku Chipata. Ndalama zimenezo timangozitaya. Kawirikawiri vuto limakhala laling'ono: cingwe ca HDMI sicinalowe bwino, kapena TV ili pa HDMI 1 pomwe cingwe talowetsa pa HDMI 2. Tidine batani la Windows pamodzi ndi P, tisankhe Duplicate. Cithunzi cikapanda kubwera, tibwereke cingwe cina tiyesere. Projekita yakale ya VGA imafuna adaputa. Zonsezi zikakanika, m'pamene tingakwere galimoto. Cithunzi cikasowa pamsonkhano wa kuchalichi kapena kusukulu, akuluakulu amayang'ana ife acinyamata. Tisawacititse manyazi.