Izeki ndi Jakobo anapita, nanga nthabwala zawo tazisunga pati?

A John Nyanga, omwe dziko lonse linkawadziwa ndi dzina loti Izeki, anatisiya mu Meyi 2016. Anzawo a Eric Mabedi, a Jakobo, anawatsatira mu Ogasiti 2021, m'masiku amene Covid-19 inkatilanda anthu motsatizana. Maliro tinalira, ndipo atsogoleri anayankhula mawu otamanda monga amachitira nthawi zonse. Tsopano papita nthawi yokwanira yoti tikhale pansi n'kuwerengera bwinobwino zimene anthu awiriwa anatisiyira, zimene tasungapo, ndi zimene zikutipulumuka m'manja tikuona. Nkhaniyi tikuiyambira kuno ku Kasiya mwadala. Anthu a ku Nsaru, Kabudula, Nambuma, Mpingu ndi Namitete ndi ena mwa amene anawakonda kwambiri awiriwa, chikhalirecho ambiri a iwo sanakhalepo m'holo n'kuwaona maso ndi maso.

Awiriwa anakulira m'gulu la zisudzo la Kwathu ku Blantyre, lomwe linayamba cha kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980 motsogozedwa ndi a Charles Severe. Masiku amenewo zisudzo zolemekezeka zinali za Chingerezi: mpikisano wa ATEM m'sukulu za sekondale, masewero a ku Chancellor College, kenako Wakhumbata ya Du Chisiza Jr. Kwathu inasankha Chichewa, ndipo inasankha nkhani za m'nyumba: mkamwini ndi apongozi, chuma cha masiye, bwana ndi wantchito, ngongole ya pagolosale. Kunalinso lamulo la 1968 loti sewero lililonse liyambe laonedwa ndi bungwe la boma lounika zosangalatsa lisanafike kwa anthu. Woseketsa wa nthawi imeneyo anayenera kuphunzira kunena chinthu mosachitchula, kuti womva amve koma wofuna kumugwira asapeze pogwira. Luso la Izeki ndi Jakobo linaphikidwa pa moto umenewo.

Anthu ambiri akamakumbukira awiriwa amathamangira kwa Izeki, ndipo m'pomveka. Nkhope yake yokha inkakwanira. Ankatha kungoima, n'kuyang'ana mnzake ngati munthu amene sanamve chilichonse, anthu n'kuyamba kugwa ndi phwete asanatsegule n'komwe pakamwa. Ankasewera munthu wooneka wopepera amene pamapeto pake amapezeka kuti ndiye waona patali, kapena amene wapusitsa wochenjera uja. Koma ife tikufuna tiime pang'ono pa Jakobo, chifukwa ntchito yake ndi imene achinyamata a lero akuiphonya. Jakobo ankasewera munthu wodziyesa wanzeru, wolongosola, wofunsa mafunso, wopsa mtima mnzake akasokoneza. Ndiye ankayala mphasa kuti Izeki apeze pogwera. Ankadziwa nthawi yoti akhale chete, nthawi yoti abwereze funso, ndi nthawi yoti amusiye mnzake atalikitse nkhani mpaka anthu atopa n'kuseka. Ntchito imeneyi ndi yovuta kuposa mmene imaonekera, chifukwa woichita amalolera kuti m'manja muombedwere wina. A Mabedi anaichita kwa zaka zambiri popanda kulimbirana ulemu ndi mnzawo, uku akutsogoleranso gulu lonse la Kwathu.

Kwina anthu otere amawazindikira. Ku America, Don Knotts sanali mwini pulogalamu ya The Andy Griffith Show, yomwe inayamba mu 1960. Ankasewera Barney Fife, wachiwiri kwa mkulu wa apolisi m'katauni kakang'ono, munthu wamantha koma wodzitukumula. Pa udindo wothandizira womwewo analandira mphoto za Emmy zisanu. Kuno tilibe mwambo wolemekeza wosewera wothandizira, ndipo amayi ndi abambo ambiri amene ankasewera apongozi, anyakwawa, asing'anga ndi ana opulupudza m'masewero a Kwathu ndi a pa wailesi tawaiwala ngakhale mayina.

Nanga ku Kasiya awiriwa anafika bwanji? Poyamba inali wailesi. MBC inali itazolowetsa kale makutu a anthu kumva sewero popanda kuliona, kudzera mu Sewero la Sabata Ino, Pamajiga ndi Kapalepale wa a Smart Likhaya Mbewe. Banja linkasunga mabatire kuti tsiku la sewero wailesi isazime. Pamene wailesi ya kanema ya TVM inayamba kuulutsa mu 1999, midzi yambiri ya kuno inalibe magetsi, ndipo yambiri ilibebe mpaka lero. Kanema anafika kudzera m'tinyumba ta vidiyo pa misika, momwe jenereta inkalira kuseri ndipo munthu ankalipira kandalama kochepa n'kukhala pabenchi. Nyengo yogulitsa fodya, ndalama zikamayenda, tinyumba timeneti tinkadzaza. Kenako kunabwera ma DVD okopera, ndipo lero kuli mamemore khadi ndi mafoni. Njira zonsezi zinafikitsa Izeki ndi Jakobo kutali kwambiri. Koma pa njira zonsezi, kupatula wailesi ndi TVM, palibe imene inkabweza ndalama kwa eni luso. Tinaseka kwa zaka zambiri osawalipira eni luso, ndipo tiyenera kuvomereza kuti ngongole imeneyo sitinabweze.

Chifukwa china chimene anthu a kuno anawalandirira msanga n'chakuti nthabwala zotere si zachilendo m'dera la Achewa. Pabwalo la gule wamkulu, amene UNESCO inamuzindikira mu 2005, pamatuluka zilombo monga Simoni ndi Maliya zomwe zimaseketsa anthu kwinaku zikudzudzula khalidwe. Pamaliro pali adzukulu amene amaloledwa kunena zimene wina aliyense sanganene, n'kupeputsa mitima ya ofedwa. Pali chisuweni, pomwe munthu amanyoza msuweni wake poyera popanda mlandu. Mchewa amadziwa kuyambira kale kuti mawu owawa amalowa bwino akadzera m'kuseka, ndiponso kuti woseketsa ali ndi malire amene mudzi umamuikira. Izeki ndi Jakobo ankayenda m'malire omwewo. Ankaseka umbuli, dyera, kuledzera ndi kudzikuza, koma munthu ankatha kuonera pamodzi ndi apongozi ake popanda kuyang'ana pansi.

Tikawerengera zimene zatsala, pali zina zolimbikitsa. Kwathu sinafe pamodzi ndi atsogoleri ake, ikuchitabe masewero. Oseketsa atsimikiza kuti anthu amawakhulupirira kuposa mmene ena ankaganizira: a Bon Kalindo, a Winiko, anasankhidwa kukhala phungu wa Nyumba ya Malamulo ku Mulanje mu 2014, ndipo a Michael Usi, a Manganya a mu Tikuferanji, anakhala wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko mu Juni 2024. Kunja, Daliso Chaponda anafika pa nambala yachitatu mu mpikisano wa Britain's Got Talent mu 2017. Kaya wina akondwe nazo ndale za anthu amenewa kaya ayi, kholo la ku Kabudula silinganenenso mophweka kuti zisudzo ndi ntchito ya anthu osowa chochita.

Koma mbali ya zotayika ndi yaikulu. Choyamba ndi masewero enieniwo. Mwana wa ku Namitete Secondary School amene akufuna kuphunzira mmene awiriwa ankamangira nthabwala alowera kuti? Adzapeza tizidutswa pa YouTube ndi pa Facebook, tosaoneka bwino, topanda chaka, topanda mayina a osewera, toikidwa ndi anthu amene sanapemphe kwa aliyense. Palibe malo odziwika amene munthu wamba angapite n'kukapeza ntchito yonse ya Izeki ndi Jakobo itasanjidwa mwadongosolo. Pamenepa m'pamene America ikutiphunzitsa kanthu kogwirika. Mu 1951 Lucille Ball ndi Desi Arnaz anaumirira kuti pulogalamu yawo ya I Love Lucy izijambulidwa pa filimu yolimba, pomwe mapulogalamu ambiri a nthawi imeneyo ankangoulutsidwa n'kutha. Chifukwa cha chisankho chimenecho, pulogalamuyo ikuonetsedwabe mpaka lero. Osewera a kumeneko anamenyeranso kuti azilandira kenakake ntchito yawo ikabwerezedwa, ndipo mu 2023 bungwe lawo la SAG-AFTRA linanyanyala ntchito masiku 118, mwa zina pa nkhani yomweyi ya malipiro a mafilimu oonetsedwa pa intaneti. Sitikunena kuti Malawi ali ndi chuma cha Hollywood. Tikunena kuti kusunga ntchito ndi kulipira mwini wake ndi zinthu zimene anthu amachita kusankha, ndipo ife sitinasankhebe.

Chachiwiri ndi malo ochitira masewero. French Cultural Centre ku Blantyre, komwe Kwathu, Wakhumbata ndi Wanna-Do ya Gertrude Kamkwatira ankadzaza anthu, inatsekedwa mu 2011, ndipo malowo, omwe tsopano ndi Blantyre Cultural Centre, akhala zaka zambiri akudikira kukonzedwa mokwanira. Ngati mumzinda zili choncho, kumudzi n'kosachita kufunsa. Sewero limafika kuno kawirikawiri likabwera ndi bungwe, pagalimoto yokhala ndi zimkuzamawu, kudzanena za katemera, chisankho kapena maukwati a ana. Mauthenga amenewa ndi ofunika, ndipo Izeki ndi Jakobo nawonso anagwirapo ntchito zotere. Vuto limabwera pamene gulu la achinyamata lizolowera kuti sewero ndi uthenga wa bungwe wokutidwa ndi nthabwala ziwiri, ndipo thandizo likatha gululo limathanso. Wosewera amakula akamaima pamaso pa anthu amene alipira ndalama zawo ndipo akhoza kutuluka ngati sakusangalala.

Chachitatu ndi luso la kuleza. Foni yatsegula khomo kwa aliyense, ndipo ichi n'chabwino: mnyamata wa ku Nsaru akhoza kujambula kasewero m'mawa, madzulo n'kuonedwa ku Johannesburg. Ena mwa achinyamatawa ali ndi mphatso yeniyeni, ndipo timawaonera mokondwa. Koma kasewero ka mphindi imodzi kamakakamiza munthu kukuwa, kuvala zachilendo, kapena kunyoza wolumala ndi mayi kuti anthu aime n'kuonera. Kumanga munthu wa m'sewero amene anthu adzamudziwe kwa zaka makumi awiri, mayendedwe ake, mantha ake, mabodza ake, kumafuna nthawi ndiponso mnzako wokumvetsera. Ambiri lero akufuna kukhala Izeki. Ofuna kukhala Jakobo akusowa.

Tsono kutsogoloku tichite chiyani? Ntchito yoyamba ili m'manja mwa MBC, yomwe inatenga zonse za TVM pamene nyumba ziwirizi zinaphatikizidwa. Matepi amene alipo asamutsidwire pa kompyuta asanawonongeke, alembedwe chaka ndi mayina a onse amene anaseweramo, ndipo makope akasungidwe ku National Archives ku Zomba. Izi zichitike mogwirizana ndi mabanja a malemuwa komanso gulu la Kwathu, amene ayenera kulandira gawo lawo masewerowo akamaulutsidwanso. COSOMA, yomwe yakhala ikutolera ndalama za oimba, ili ndi lamulo la 2016 loteteza eni luso m'manja mwake. Iwonetse poyera kuti wosewera nayenso amapindula nalo bwanji, ndipo ifike kwa okopera mafilimu pa misika ndi njira yoti azilipira kangachepe m'malo mongowaopseza. Anzawo amene anasewera ndi awiriwa akadali moyo, ndipo ophunzira a zisudzo ku yunivesite ya Malawi akhoza kukhala nawo pansi n'kujambula zimene akukumbukira: mmene ankakonzekerera, mmene ankagawanirana mawu, zimene ankachita anthu akapanda kuseka.

Ntchito ina ndi yathu kuno, ndipo sikufuna kudikira Lilongwe. Maholo a sukulu ndi a tchalitchi alipo ku Namitete, ku Nambuma ndi ku Kasiya, ndipo masana ambiri a Loweruka amakhala otseka. Aphunzitsi a Chichewa akhoza kuyambitsa mpikisano wa masewero a anthu awiriawiri pakati pa sukulu za m'dera lino, wokhala ndi mphoto yapadera ya wosewera wothandizira. Mafumu, amene amadziwa kale kufunika kwa bwalo, akhoza kupereka malo pa tsiku la msika. Amalonda amene amapindula nyengo ya fodya, soya ndi mtedza akhoza kugula mphotozo. Ndipo pamene kampani ya Sovereign Metals ikukonzekera mgodi wa rutile kuno ku Kasiya, makomiti a chitukuko akamakambirana nayo za zimene dera lipindule, aikepo holo ya anthu onse pambali pa mijigo ndi zipatala. Kukubwera anthu ambiri ndi mikangano yatsopano ya malo, ntchito ndi ndalama, ndipo dera lidzafuna anthu ake omwe otha kuziseweretsa nkhani zimenezi pabwalo, m'Chichewa cha kuno, mafumu ndi akuluakulu a kampani atakhala kutsogolo.

Kwa ife oonera, gawo lathu ndi kulipira pakhomo. Gulu la achinyamata likalengeza sewero pa sukulu yapafupi, tipite ndi ana, tilipire osapempha kuti atichotsere, ndipo tikatuluka tiwauze moona pamene anatiseketsa ndi pamene anatitopetsa.