Injini yachilendo si mlandu, mlandu ndi macheka

Boneti ya Peugeot 504 yakale ikatsegulidwa n'kupezekamo injini ya Toyota, pali anthu amene amapukusa mitu ngati afika pa maliro. Amati galimotoyo yaipitsidwa, ndipo makaniko amene adachita zimenezi sadziwa kulemekeza chinthu chakale. Anthu omwewo akaona 504 ina yonyezimira, yogwetsedwa pansi mpaka mimba kutsala pang'ono kukhudza phula, yovekedwa marimu akuluakulu ndi matayala opyapyala ngati lamba, amaima n'kuijambula, bola injini yake ikhale ya ku fakitale. Kaweruzidwe kameneka n'kokhota. Pa galimoto ziwirizi, yoyambayo ndiyo yapulumutsidwa, ndipo yachiwiriyo ndiyo yaphedwa.

Kuti mlanduwu umveke, pafunika kukumbukira chimene 504 idali. Idatuluka ku France mu 1968, ndipo mu 1969 idasankhidwa kukhala galimoto yopambana ya chakacho ku Ulaya. Koma ulemerero wake weniweni idakaupeza mu Africa, m'misewu ya fumbi ndi matope. Mu 1975 Ove Andersson adapambana nayo mpikisano wa Safari Rally ku Kenya, mpikisano umene mkulu wake, Peugeot 404, adali atautenga kale kanayi m'zaka za m'ma 1960. Azungu ataitopa, mafakitale a ku Kenya ndi a ku Kaduna m'dziko la Nigeria adapitiriza kuilumikiza mpaka zaka zoyambirira za m'ma 2000. Ku Senegal, 504 yaitali ya mizere itatu ya mipando idasanduka basi yonyamula anthu asanu ndi awiri kuchoka mzinda wina kupita wina. Chinsinsi cha zonsezi sichidali injini. Injini yake idali yokhulupirika, koma yosadabwitsa munthu. Chinsinsi chidali kunsi: masipiring'i aatali ndi ofewa olola gudumu kutsikira m'dzenje ndi kutulukamo okwera osadumpha pa mipando, mimba yotalikirana ndi nthaka, ndiponso shafiti yopititsa mphamvu kumbuyo yobisidwa m'chubu chachitsulo kuti miyala isaipeze.

Tsono munthu wodula masipiring'i a galimoto yotere wadula chinthu chenichenicho chimene chidaipatsa dzina. Sipiring'i ikafupikitsidwa imauma, mpata woti gudumu lisewere umachepa, ndipo galimoto ikagwera m'dzenje chitsulo chimamenya chitsulo. Nthawi zina sipiring'i yodulidwayo imachoka pamalo pake gudumu likalendewera. Sampu ya oilo, imene kale inkadutsa pamwamba pa miyala osaikhudza, tsopano imakwecheka pa hampu iliyonse ya m'tauni, mwakuti dalaivala amaidutsa chammbali ngati nkhanu, anzake pambuyo akumuimbira mahutala. Tayala lopyapyala lilibe mpweya wokwanira kumeza dzenje, choncho rimu ndiyo imapindika. M'misewu ya m'chigawo chino, mvula ikangotha, galimoto yotere imakhala ya panyumba ndi pa zithunzi basi. Galimoto imene idawoloka zigwa za ku Kenya yasandutsidwa yoopa khomo la pa filing'i sitesheni.

Nkhani ya injini ndi ina. Injini ya 504 ikafa lero, mapisitoni ake, magasiketi ake ndi zina zotero sizipezeka pafupi. Zimafunika kuitanitsa kunja, ndi ndalama zakunja zimene ngakhale amalonda akuluakulu amazilirira. Pomwe zipangizo za injini ya Toyota, ya minibasi kapena ya pikapu, zimapezeka ku Ndirande, ku Mbare ndi pa msika uliwonse wa masipeya, ndipo mnyamata aliyense wa pa galaja amaidziwa mkati ndi kunja. Mwini galimoto sasankha pakati pa injini ya fakitale ndi injini yachilendo ayi. Amasankha pakati pa galimoto yoyenda ndi galimoto yokhala pa njerwa kuseri kwa nyumba, nkhuku zikuikiramo mazira, dzimbiri likudya pansi chaka ndi chaka mpaka ogula zitsulo zakutha adzaitenge pa sikelo. Odandaula za injini ya Toyota sadaguleko pisitoni ya Peugeot ndi malipiro a mphunzitsi.

Ku Cuba nkhani yomweyi idachitika poyera. Pambuyo pa kusintha kwa boma mu 1959 ndi kuletsedwa kwa malonda ndi dziko la America, masipeya a Chevrolet ndi Ford za m'ma 1950 adasiya kufika. Amakaniko a ku Havana adaikamo zimene adapeza: injini za ku Soviet Union, kenako injini za dizilo za mitundu ina. Lero alendo ochokera kutali amalipira kuti akwere galimoto zimenezo, ndipo palibe wanzeru amene amati amakanikowo adaziwononga. Akadapanda iwo, galimotozo zikadakhala nthano. Chimene chimatchedwa luso ku Havana sichingasanduke umbuli chifukwa chachitikira ku Blantyre kapena ku Lusaka.

Chodabwitsa n'chakuti ngakhale azungu osunga galimoto zakale saumitsa khosi chotere. Bungwe lawo la dziko lonse, FIVA, limene limawerengera galimoto kukhala yakale ikakwanitsa zaka 30, lili ndi chikalata chotchedwa Charter of Turin chimene chidayamba kugwira ntchito mu 2013. Mfundo zake zimavomereza kuti zosintha zimene galimoto idalandira pa nthawi ya ntchito yake ndi mbali ya mbiri yake, ndipo zimalimbikitsa kuti chosintha chatsopano chilembedwe ndiponso chikhale chotheka kubweza. Pamenepa ndi pamene pagona nkhani. Injini imamangidwa ndi mabawuti. Mwini wosamala amaisunga yakaleyo pa ngodya ya galaja atathiramo oilo, ndipo tsiku lina mdzukulu wake, akadzapeza ndalama, adzaibwezeretsa. Koma madigadi odulidwa kuti rimu yaikulu ikwane, denga lochekedwa, dashibodi yobooledwa kuti mulowe wailesi ya kanema, chitseko chong'ambidwa kuti mukhale sipika, zimenezi sizibwerera. Sipanala imabweza zimene yamasula. Macheka sabweza.

Izi sizitanthauza kuti injini iliyonse yachilendo n'njoyera. Ku South Africa kuli kapikapu kotchedwa Nissan 1400, kamene kadapangidwa ku Rosslyn, kufupi ndi Pretoria, mpaka 2008, ndipo mtundu wake udayamba kugulitsidwa kumeneko mu 1971 ndi dzina la Datsun. Kulemera kwake sikufika tani imodzi. Pali anyamata amene amachotsa injini yake ya malita 1.4 n'kuikamo V8 ya Lexus ya malita 4, imene mphamvu zake zimaposa za yoyambayo katatu n'kupitirira, koma mabuleki n'kuwasiya omwe aja. Uku sikupulumutsa galimoto, ndi kukumba manda, ndipo kawirikawiri mandawo sakhala a dalaivala koma a mwana wowoloka msewu. Wowonjezera mphamvu ayenera kuyamba ndi mabuleki, ndipo nambala ya injini yatsopanoyo iyenera kulowa m'mapepala a galimoto, chifukwa tsiku la ngozi a inshuwalansi amafuna kuona ngati zolembedwa zikufanana ndi zimene zili m'boneti. Pa mbali yomweyi, amene amanyoza mwini galimoto yakale chifukwa waika mabuleki a disiki m'malo mwa ng'oma, kapena malamba a pa mipando, kapena nyali zowala bwino, akutsutsana ndi moyo wa anthu pofuna kusangalatsa maso awo.

Yankho limene odula amapereka n'lodziwika: galimotoyi ndi yanga, ndidagula ndi ndalama zanga. N'zoona. Koma pali galimoto zina zimene mwini wake ndi mlonda chabe. BMW 325iS, imene anthu a ku Soweto amaitcha gusheshe, idapangidwa ku Rosslyn kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, ndi injini ya malita 2.7, pofuna mipikisano ya m'dzikomo. Adapanga mazana ochepa okha, ndipo fakitale ina iliyonse ya BMW pa dziko lapansi sidapange yofanana nayo. Masewero ozunguza galimoto, amene adabadwira m'makomboni a kumeneko ndipo tsopano amadziwika ngati masewero ovomerezeka, si chinthu chonyoza. Luso la ozunguzawo n'lenileni, ndipo gusheshe idatchuka chifukwa cha iwo. Komabe zigoba za BMW wamba za mtundu womwewo zilipo zokwanira kuwotcherera, kumenyetsa ku khoma ndi kutentha matayala. Wotenga 325iS yeniyeni n'kuichotsa mipando, kuicheka ndi kuimaliza m'bwalo wachotsa chimodzi pa zinthu zimene sizidzapangidwanso. Ufulu wake ulipo, koma sutseka pakamwa pa oona.

Choipa kuposa zonse, mwina chifukwa sichioneka, ndi utoto wobisa matenda. Land Rover zakale, zimene mtundu wake udayamba mu 1948, zili ndi thupi la aluminiyamu losachita dzimbiri, koma chasisi chake n'chachitsulo ndipo chimaola kuchokera mkati. Eni ake ambiri amathira ndalama pa penti, pa nyali zisanu za padenga ndi pa matayala a matope, osagwada n'kamodzi komwe kuti agogode chasisi ndi nyundo n'kumva kulira kwake. Galimoto zina zimadzazidwa phala lomatira mabowo mpaka maginito sagwira pa chitseko, kenako n'kuwazidwa utoto wonyezimira n'kugulitsidwa ngati zokonzedwa. Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Zoterezi ndi zimene zimabwerekedwa pa maukwati masiku ano, zitakutidwa maliboni, mkwatibwi ali pambuyo, dalaivala akupopa buleki kawiri asanafike pa mphambano. Mapaipi a mabuleki a galimoto yoteroyo amakhala a zaka makumi anayi, ndipo kuwasintha onse sikufika mtengo wa marimu amene yavala.