Galimoto yatsopano akugula ndani m'dziko muno?

Munthu akaima pa Malindi tsiku lathunthu n'kumawerenga magalimoto odutsa mumsewu wochokera ku Mangochi kupita kwa Makanjira, aona chinthu chimene sichifuna kuti akhale wopita kusukulu. Ma Sienta onyamula anthu, timapikiapu todzaza madengu a usipa, malole a simenti, onsewa ndi magalimoto amene anayamba atumikira eni ake ku Japan kapena ku Joni kwa zaka zambiri asanadzaone fumbi la kwathu kuno. Galimoto imene inatuluka m'sitolo ili yatsopano, mipando ikadali m'mapepala, mukaiyang'anitsitsa mupeza kuti ili ndi nambala ya MG, apo ayi pachitseko pake palembedwa dzina la bungwe lakunja. Kupatula makampani akuluakulu ochepa ndi anthu olemera owerengeka, amene akugula galimoto yatsopano m'Malawi muno ndi boma, ndipo likugula ndi msonkho wanu ndi wanga.

N'chifukwa chake sindigwirizana ndi anzanga ena a m'tauni amene amati kukwera mtengo kwa galimoto ndi dandaulo la mabwana. Bwana weniweni, amene amasaina mapepala ku Capital Hill, mtengowo saumva. Amene akuumva ndi mayi wa ku Namalaka amene galimoto sadzaigulapo moyo wake wonse.

Tiyeni tiwerengere limodzi, a Malawi anzanga, pakuti masamu ake si ovuta. Dziko lathu silipanga galimoto. Iliyonse imagulidwa ndi ndalama zakunja. Tsono tiyerekeze galimoto yolimba, yotha kuyenda m'matope a ku Lungwena nyengo ya dzinja, imene mtengo wake ndi madola 50,000, ndipo tinene kuti opanga ake sanakwezepo mtengowo ngakhale ndi senti imodzi. Kumayambiriro kwa 1994, kwacha isanasiyidwe kuti izidzipezera yokha mtengo pamsika, dola imodzi inali pafupifupi K4.50. Galimotoyo ikanakhala K225,000. Chaka chomwecho chisanathe dola inafika cha m'ma K15, ndipo galimoto yomwe ija inasanduka ya K750,000. Kumayambiriro kwa 2012 dola inali K168, kutanthauza K8.4 miliyoni, mu Meyi chaka chomwecho, boma la mayi Joyce Banda litagwetsa kwacha kufika pa K250, inali K12.5 miliyoni. Mu Meyi 2022 kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti. Mu Novembala 2023 inagwetsedwanso ndi 44 peresenti, dola n'kufika pa K1,700, ndipo galimoto yathu ija inakhala ya K85 miliyoni. Mu 2024 malipiro ochepetsetsa amene boma linakhazikitsa anali K90,000 pamwezi. Munthu wolandira ndalama imeneyo akanayenera kugwira ntchito zaka pafupifupi 80, osadya, osabvala, osalipira lendi, kuti akwanitse, ndipo apa msonkho sitinauwerengere.

Komatu mtengo wa kubanki umenewo ndi wa papepala. Mu 2024 ndi 2025 mabanki ankalemba pakhoma kuti dola ndi K1,751, koma wamalonda wamba akapita kukaipempha ankauzidwa kuti adikire. Ankadikira mpaka kutopa, kenaka n'kupita kwa anyamata a mumsewu, kumene mu 2025 dola inadutsa K4,000. Pamtengo umenewo galimoto ija ndi ya K200 miliyoni. Funso limene ndikufuna tonse tilifunse ndi ili: madola ochepa amene ankapezeka pamtengo wa kubanki aja ankapita kwa yani? Pakuti munthu wopeza dola pa K1,751, mnzake akuipeza pa K4,000, wapatsidwa mphatso yaikulu kuposa malipiro a nduna, ndipo mndandanda wa olandira mphatso imeneyi sunawerengedwepo pa wailesi.

Chimene chimagwetsa kwacha n'chodziwika. Timagula zambiri kunja kuposa zimene timagulitsako. Fodya, tiyi, shuga ndi mbewu zina zonse pamodzi sizifika pa ndalama zimene timalipira pa mafuta, feteleza, mankhwala ndi makina. Boma likamabwereka mosalekeza kuti lilipire zinthu zimene lilibe nazo ndalama, kwacha imachuluka m'manja pamene dola ikusowa. Palibe ufiti pamenepa, ndipo si wogulitsa magalimoto wa ku Blantyre amene anayambitsa.

Pamwamba pa dola pamabwera a MRA. Pali msonkho wa pachipata, pali wina wotengera kukula kwa injini ndi zaka za galimoto, ndipo pamwamba pa yonseyo pali VAT, imene kwa zaka zambiri inali 16.5 peresenti. Popeza misonkho yotere imatsata mtengo wa katundu, kwacha ikagwa nayonso imakwera. Galimoto yakale imalipitsidwa kwambiri, ati pofuna kuti dziko lisasanduke dzala la zitsulo zotha ntchito. Maganizowo pawokha si oipa. Koma mukauza munthu kuti asagule yakale pamene yatsopano ndi ya K200 miliyoni, mwamuuza kuti ayende wapansi.

Tsopano tibwerere ku Malindi, tione mmene ndalama zimenezi zimafikira kwa munthu wosakhala ndi galimoto. Mnyamata amene wakhala zaka zisanu ku Johannesburg akugona m'kachipinda ndi anzake anayi kuti asunge marandi, akabwera ndi pikiapu yake kudzera pa Mwanza kapena pa Dedza, amalipira msonkho wonse. Mnzake amene waitanitsa Sienta ku Japan amailipira m'madola, n'kuitsatira ku Dar es Salaam, n'kudzalipiranso pa Songwe. Ndalama zonsezo ayenera kuzibweza, ndipo amazibweza kuchokera kwa okwera. Kumene kumayenera kukhala anthu 7 amaikako 10 kapena kuposa, katundu kumbuyo, chitseko chomanga ndi chingwe. Timawanyoza kuti ndi adyera, ndipo ena ndi adyeradi, koma tayala, batire ndi ma shokoabuzoba nazonso zimagulidwa ndi dola, ndipo msewu wa kwa Makanjira, umene maboma otsatizana akhala akuulonjeza nthawi ya kampeni, wakhala ukudya galimoto ngati chiswe. Mafuta nawo sanaime: petulo anafika pa K2,530 lita imodzi mu Novembala 2023, n'kukwera kufika pa K3,499 mu Okutobala 2025.

Mayi wogula usipa padoko kuti akagulitse ku Limbe amalipira thiransipoti yokwera ya iye mwini ndi ya dengu lake. Kuti apezepo kanthu, amatsitsa mtengo umene amapatsa msodzi, n'kukweza umene amauza wogula wa ku Ndirande. Onse atatu aluza, ndipo palibe mmodzi mwa iwo amene anayamba walowa m'sitolo ya magalimoto. Chimodzimodzi wodwala. Chipatala cha St Martin's pa Malindi, chimene chili m'manja mwa mpingo wa Anglican, ndi zipatala zing'onozing'ono za m'mphepete mwa nyanja zimadalira galimoto kuti wodwala wofunika thandizo lalikulu awoloke Shire kukafika pachipatala cha boma ku Mangochi kapena apitirire ku Zomba. Ambulansi si galimoto yogula yakutha. Iyenera kukhala yolimba, yodzuka usiku uliwonse. Pamene mtengo wake wakwera kakhumi m'zaka khumi ndi ziwiri, ndalama imene inkagula ma ambulansi 10 ikugula imodzi, ndipo mayi wapakati amakwezedwa pa njinga yamoto ya kabaza.

Nanga amene amayendetsa chuma chathu akuyenda pa chiyani?

Amene munabwerera kumudzi chikhululukiro cha 1993 chitalengezedwa, kuchokera ku Lusaka, ku Dar es Salaam ndi ku London, mukukumbukira zimene tinkanena za mdipiti wa a Ngwazi. Tinkanena za Rolls-Royce, za misewu yotsekedwa maola ambiri, za ana asukulu oimikidwa padzuwa kuti aombe m'manja. Pa 14 Juni 1993 tinavotera nyali poganiza kuti zimenezo zatha. Koma m'chaka cha 2000, boma la a Bakili Muluzi, mwana wa kuno kummawa amene anthu a ku Mangochi anamuvotera ndi mtima wonse, linagulira nduna ma Benz 39 pamtengo wa pafupifupi madola 2.5 miliyoni. Analamula kuti agulitsidwe pokhapokha dziko la Britain litakwiya. Mu 2009 a Bingu wa Mutharika anagula ndege ya pulezidenti, ndipo Britain inadulako thandizo lake. Mu 2012 mayi Joyce Banda analengeza kuti agulitsa ndegeyo pamodzi ndi ma Benz 60 a boma, dziko lonse lapansi n'kuwaombera m'manja. Chaka chotsatira tinamva za ndalama za boma zopezeka m'mabuti a magalimoto a antchito a ku Capital Hill, nkhani ija ya Cashgate. Mu Novembala 2023, kwacha itagwa, a Lazarus Chakwera analengeza kuti aimitsa maulendo akunja ndipo adula ndi theka mafuta a nduna ndi akuluakulu a boma.

Taonani bwino ndondomeko imeneyi. Nthawi zonse kudzimana kumabwera zinthu zitaonongeka kale, kawirikawiri kazembe wakunja atakweza mawu, ndipo kumabwera ngati chifundo cha mtsogoleri, osati ngati lamulo. Chifundo cha mtsogoleri chimatha atolankhani akaiwala. Sindikunena chipani chimodzi pano. MCP, UDF, DPP ndi PP onse akhalapo pampando, ndipo onse anapeza kuti mpando wa m'galimoto ya boma ndi wofewa. Benz inachoka m'fasho, m'malo mwake munalowa Land Cruiser ndi Prado, koma wolipira sanasinthe.

Chimene chimandiwawa koposa ndi nkhani ya msonkho. Kwa zaka zambiri aphungu a Nyumba ya Malamulo ndi akuluakulu ena a boma akhala akuloledwa kulowetsa magalimoto awoawo m'dziko muno popanda kulipira msonkho. Ganizirani bwino. Anthu amene amakhala pansi chaka ndi chaka kuvomereza bajeti, kuvomereza kuti mnyamata wa ku Joni uja alipire zakutizakuti pachipata, ndi omwewo amene lamulo lomwelo limawadumpha. Adzadziwa bwanji kuti msonkhowo ndi wolemera? Amatiuza kuti phungu amafunika galimoto yolimba kuti afike kwa anthu ake. Zoona. Koma namwino naye amafunika kufika kwa odwala, mlangizi wa zaulimi kwa alimi, mphunzitsi wamkulu ku ofesi ya maphunziro kuboma, ndipo onsewa akafuna kanjinga kamoto amalipira mtengo wokhala ndi msonkho wake wonse.

Anthu a ku Malindi nkhani yotere si yachilendo kwa iwo. Mu 1964, pamene nduna zinasemphana ndi Dr Banda, imodzi mwa nkhani zimene zinawakwiyitsa inali tiki imene odwala anauzidwa kuti azilipira m'zipatala za boma. A Henry Masauko Chipembere atatula pansi udindo anabwerera kuno ku Malindi, ndipo zimene zinatsatira mu Febuluwale 1965 anthu a dera lino anazilipira kwa zaka zambiri. Iwo eni anamwalirira ku America mu 1975 osaonanso nyanja. Anthu amenewo anataya maunduna ndi magalimoto a unduna pokana, mwa zina, kuti wodwala alipire tiki. Lero wodwala yemweyo akulipira masauzande kwa wa kabaza kuti angofika pakhomo la chipatala, ndipo sindinamvepo nduna imene inabweza makiyi pa chifukwa chimenecho.

Sindikupempha kuti boma litsitse mtengo wa galimoto ndi chilengezo. Tinaziona kale mitengo yolamulidwa kuchokera kumwamba, ndipo mapeto ake katundu amangosowa m'sitolo n'kukapezeka kuseri. Sindikupemphanso kuti msonkho wa magalimoto uthe, pakuti mankhwala ndi choko zimagulidwa ndi msonkho womwewo. Chimene ndikupempha n'chakuti amene amaika msonkho aziulipira. Ufulu wolowetsa galimoto mwaulere uchotsedwe kwa phungu, kwa nduna ndi kwa mlembi wamkulu, ndipo ngati pali woyenera kupeputsidwa akhale wogula ambulansi, basi ndi lole yonyamula mbewu ndi nsomba. Phungu akadzaima pa Songwe ndi mapepala m'manja, akuwerengetsa ndalama ngati wina aliyense, mkangano wa bajeti udzamveka mosiyana.

Ndipo pakhale lamulo, osati lonjezo la pamsonkhano, loti chaka chilichonse nduna ya zachuma izibweretsa ku Nyumba ya Malamulo mndandanda wa magalimoto onse amene boma lagula: mtundu wake, mtengo wake, kumene madola ake anachokera ndi pamtengo wanji, ndiponso ofesi imene ikuyendera. Pambali pake alembe chiwerengero cha ma ambulansi oyenda m'boma lililonse, osawerengera aja akhala pamiyala kuseri kwa chipatala. Aphungu a ku Mangochi ndi amene ayenera kuyamba kufunsa zimenezi, pakuti anthu awo ndi amene ali kutali ndi chipatala chachikulu. Nyuzipepala ino ili ndi malo osindikizapo mayankho awo, ndipo tidzalembanso maina a amene sadzayankha.