Masewero Atsopano ku America: Adzalipira Ndani?

M'mwezi wa May 2025, bungwe la boma la America lothandiza za luso, National Endowment for the Arts, linaimitsa ndalama zimene linalonjeza ku magulu ambiri a masewero. Ena anganene kuti iyi ndi nkhani ya anthu okhuta. Koma tiyeni tione nchito imene magulu otere amagwira.

Ku Waterford, m'cigawo ca Connecticut, kuli bungwe lochedwa Eugene O'Neill Theater Center, limene George White anayambitsa mu 1964. Olemba amatumizako masewero awo atsopano, ndipo ocepa amasankhidwa. Osewera amayeseza masiku owerengeka cabe, kenaka amawerenga sewerolo pamaso pa anthu, mapepala ali m'manja, popanda zobvala zodula. Wolemba amaona pamene anthu aseka ndi pamene atopa, nakonza zolakwika.

Mu 1982 mtsogoleri wa nchitoyi, Lloyd Richards, analandira sewero la August Wilson, munthu wakuda wa ku Pittsburgh amene anasiya sukulu ali ndi zaka 15. Sewerolo, Ma Rainey's Black Bottom, linafika m'nyumba zazikulu za Broadway ku New York mu 1984. Sewero lake lina, Fences, linalandira mphoto ya Pulitzer mu 1987.

Amalonda a ku Broadway amafuna dzina lodziwika kale, pakuti ndilo limadzaza mipando. Kuyesa sewero latsopano sikubweza ndalama; kumadalira thandizo la boma ndi la anthu opereka mwaufulu. Thandizolo likacepa, oyamba kutsekeredwa kunja ndi olemba osauka ndi osadziwika, monga momwe Wilson analili mu 1982.